Boti la Bambo Anga Pabwalo la Khoti

Boti la bambo anga linakhala pabwalo la khoti zaka zinayi ndi miyezi ingapo, ndipo amene ndinachititsa kuti lipite kumeneko ndine.

Khotilo likadalipo m'katauni kathu ka m'mbali mwa nyanja, m'boma la Mangochi. Ndi nyumba ya njerwa zofiira yokhala ndi khonde lalitali, ndipo azungu anaimangitsa pamalopo pakadali tchire. Akuluakulu ankati choyamba kubwera chinali khoti, kenako sitolo ya Mmwenye, kenako msika, ndiye anthu n'kuyamba kumanga nyumba mozungulira. Agogo anga aamuna anasenzako njerwa zake ali mnyamata, osalandira kanthu, ndipo atakula anakwapulidwa pakhonde lomwelo chifukwa chosowa chiphaso cha msonkho. Nthawi ya chipani chimodzi anthu ankalowamo chifukwa cha mawu amene anawapulumuka akusewera bawo. Kwathu sitinena kuti khoti, timangoti pakhonde. Mlendo akafunsa njira ya kumsika kapena ya kumzikiti, timamuuza kuti akafike kaye pakhonde kenako akhote. Anthu akakangana, wina amati tikaonana pakhonde, koma kawirikawiri kumakhala kuopsezana chabe.

Ine nthawi imeneyo ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Ndinali nditamaliza sekondale, ndinkagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina ku Nkopola, ndipo ndinkakhulupirira kuti chinthu chikalembedwa m'malamulo ndiye kuti chatheka basi.

Bambo anga anali msodzi. Anali ndi boti lamatabwa, injini ndi ukonde wa chilimira, ndipo amuna asanu ndi anayi ankadyetsa mabanja awo ndi botilo. Injini anaigula atagwira ntchito zaka zitatu ku Joni. Matabwa, phula ndi misomali zinachokera ku usipa umene amayi ankayanika pathandala n'kukagulitsa ku Limbe, atakhala pamwamba pa matumba m'lole. Amayi sanali akuno. Anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ali mtsikana, atayenda masiku ambiri m'mapiri ndi mchemwali wawo. Nkhondo itatha mchemwali wawoyo anabwerera, iwo anatsala chifukwa anali atakwatiwa kale kumzikiti ndipo ine ndinali nditabadwa. Chiyao chawo chinali cha kutsidya kwa malire, chosakanikirana ndi mawu a Chipwitikizi, ndipo Chichewa ankachilankhula mochita kusankha mawu.

Bambo anagwa padoko m'mawa wina akusoka ukonde, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atatisiya kale. Tinawaika tsiku lomwelo. Amayi analowa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wamasiye amakhala pakhomo osapita kwina. Mng'ono wawo wa bambo, amene tinkawatchula kuti bambo aang'ono, anati ayambe ayendetsa boti kuti asodzi asabalalike. Zinali zanzeru ndipo palibe anakana. Masabata oyamba ankatumiza ndowa ya nsomba tsiku lililonse limene boti lalowa m'madzi. Itapita sadaka ya masiku makumi anayi, ndowa ija inayamba kudumpha masiku. Kenako tinamva kuti boti silikukochezanso padoko lathu, alisamutsira kwawo cha ku Nkope ndipo alipaka penti ina.

Eda itatha, akuchimuna anaitanitsa nkhumano pakhomo pathu. Bambo aang'ono analankhula mofatsa, sindingawanamizire kuti anakalipa. Anati mwambo wathu ndi wodziwika, chuma cha mwamuna chimabwerera kwa mbumba yake, koma iwo sangataye mkazi wa mkulu wawo ndi ana. Anati nyumba ikhale yathu, atisiyirenso bwato laling'ono losema ndi maukonde ake a matchera, ndipo ndowa ya nsomba izibwera monga kale. Amayi anakhala chowerama, akupotokola ngodya ya mpango wawo, ndipo ndinaona kuti avomera. Analibe mchimwene wowalankhulira, analibe malume, analibe aliyense wa kwawo pankhumanopo. Ndiye ndinalankhula ine. Ndinati boma linakhazikitsa lamulo loteteza akazi amasiye, ndinalimva pa wailesi ndiponso alendo ena a ku loji anandifotokozera, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu woti munthu atha kumangidwa nawo.

Bambo aang'ono anatembenukira kwa ine.

“Mwana wanga, ukufuna kundiimika pakhonde ine, pamene anakwapulirapo agogo ako?”

“Ngati simubweza boti, baba, tikaonana komweko,” ndinatero.

Alendo atapita, amayi anandiuza kuti ndawachititsa manyazi, kuti iwo ndi mlendo m'dziko muno ndipo mlendo salimbana ndi eni mudzi. Ndinawayankha kuti matabwa a botilo anagula ndi iwo, ndipo mantha amenewo ndi amene amalemeretsa anthu adyera. Ndinawaumiriza masiku atatu. Tsiku lachinayi anavala chitenje chawo chabwino n'kunditsatira kupolisi.

Ndinkaganiza kuti apolisi akatenga boti ku Nkope n'kudzatipatsa. Sizinatero. Anati popeza nkhaniyo ndi mlandu, boti, injini ndi ukonde ndi umboni, ndipo umboni umasungidwa ku khoti mpaka woweruza atagamula. Analikweza pa lole, asodzi asanu ndi anayi aja ataima pamchenga manja ali kumbuyo, n'kukalitsitsa pabwalo la khoti pansi pa mtengo wa mango. Injini ndi ukonde anazitsekera m'kachipinda ka kuseri. Unali mwezi umene usipa umagwa kwambiri. Mkazi wa mmodzi mwa asodziwo anakumana nane pamsika, analavula pansi pafupi ndi phazi langa. Ine ndinadziuza kuti ndi za milungu iwiri kapena itatu.

Tsiku loyamba tinafika m'mawa kwambiri. Pakhonde panali patadzaza kale: amayi a ana kumsana odzadandaula za amuna amene anapita ku Joni osatumizanso mawu, anyamata omangidwa maunyolo awiriawiri, nkhalamba zolimbirana malire a munda. Ena ankagulitsa zitumbuwa ndi madzi ozizira, ndipo pansi pa mtengo panali bambo wina wokhala ndi katebulo, wolembera anthu makalata. Mkati munkanunkha mileme. Mabenchi anali a mbawa, osalala chifukwa cha kukhalidwa, ndipo kumbuyo kwa mpando wa woweruza kunali msomali waukulu umene akuti unapachikapo chithunzi cha mfumu ya azungu, kenako cha atsogoleri athu mmodzimmodzi. Tinadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Mesenjala anatuluka n'kulengeza kuti bwana woweruza apita kumsonkhano ku Liwonde, tibwerenso mwezi wamawa.

Mwezi wamawawo bwana analipo koma woimira boma pamlandu analibe mafuta a njinga yamoto. Ulendo wina kunalibe mapepala olembapo. Ulendo wina womasulira Chiyao anali kumaliro. Pamene mlandu unayamba kuyenda, woweruzayo anasamutsidwa, ndipo amene analowa m'malo mwake anati sangagamule nkhani imene sanaimve yekha, tiyambirenso. Kenako fayilo inasowa miyezi isanu ndi iwiri. Kalaliki, bambo wonenepa wokonda kutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi, ankatsegula kabati n'kundionetsa milu ya mapepala omangidwa ndi zingwe, ena odyedwa ndi chiswe, n'kundifunsa ngati ine ndingaipeze. Ena pakhonde anandinong'oneza kuti fayilo imaoneka msanga ikamva fungo la fanta. Ndinakana, ndinati sindingagule chinthu chimene ndi changa kale. Lero sindidziwa ngati kumeneko kunali kulungama kapena kupusa.

Ulendo uliwonse ndinkapempha tchuthi kuntchito, ndipo ulendo uliwonse bambo aang'ono ankakhala kumapeto ena a khonde, ife kumapeto ena. Poyamba ankabwera ndi abale ambiri. Chaka chachiwiri ankabwera okha, pa njinga yakapalasa, atavala mkanjo womwewomwewo. Tinkamva limodzi kuti mlandu waimitsidwa, n'kutuluka pa geti limodzi osapatsana moni.

Tsiku limene amayi anapereka umboni silidzandichoka. Anaima m'kabokosi kamatabwa, atagwira m'mphepete ndi manja onse awiri. Anafotokoza za usipa, za lole za ku Limbe, za mmisiri amene anakhoma botilo pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa nyumba yathu. Akatchula mawu a Chipwitikizi, womasulira ankawabwereza mokokomeza asanawatembenuze, ndipo anthu pamabenchi ankaseka. Itafika nthawi yoti bambo aang'ono afunse mafunso, sanafunse za boti. Anafunsa ngati amayi ali ndi kalata ya ukwati. Analibe, ukwati wawo unamangidwa ndi shehe pamaso pa mboni, monga maukwati onse a nthawi imeneyo kwathu. Kenako anafunsa kuti kodi amayi ali ndi chiphaso chanji chokhalira m'dziko muno.

Munthu ameneyu anadya chakudya cha amayi zaka zoposa makumi awiri. Mkazi wawo atadwala, amene anakagona naye kuchipatala anali amayi. Woweruza anati funsolo silikukhudza mlandu, koma linali litamveka kale. Amayi anayankha m'Chichewa, pang'onopang'ono, osadikira womasulira.

“Chiphaso ndilibe. Ndili ndi manda a mwamuna wanga ndi manda a ana anga awiri. Ali konkuno.”

Potuluka sanafune kuti ndiwagwire dzanja. Shehe amene anamanga ukwatiwo anavomera kudzachitira umboni, ndipo anabwera kawiri, atatsamira ndodo, n'kubwerera osaitanidwa. Tsiku lachitatu limene anapatsidwa linafika iye atamwalira kale.

Nthawi yonseyi boti linali pomwe analitsitsa paja. Boti lamatabwa limafuna madzi. Likakhala padzuwa matabwa amauma n'kutsegula mipata, likakhala pa dothi chiswe chimalowa pansi. Dzinja loyamba linadzaza madzi a mvula ndi masamba a mango, achule n'kuswana momwemo. Ndinapempha kalaliki kuti andilole ndibweretse anthu tilikweze pa mitengo, tilitembenuze, tilipake phula. Anati umboni sukhudzidwa, ndikalembe kalata. Ndinalemba makalata atatu ndipo sindinayankhidwe. Koma anthu odikira milandu ankakhala m'mphepete mwake n'kumadya chinangwa, ogulitsa zitumbuwa ankaikamo madengu awo, mbuzi zinkagona mumthunzi mwake. Anthu anafika polizolowera moti ankapangana kuti tikumane pa boti. Ana asukulu anakanda mayina awo pa penti ya bambo aang'ono ija, ndipo pamene inasupuka panayamba kuoneka penti yakale yobiriwira imene anapaka bambo anga.

Amayi polowa pa geti ankayang'ana kumbali. Kamodzi kokha, chaka chachitatu, ndinawapeza ataima pafupi nalo. Anakanikiza thabwa lina ndi chala ndipo chalacho chinalowa. Anachipukuta pa chitenje n'kubwerera pakhonde.

Pakhomo zinthu zinali zitasintha. Ndowa ya nsomba inasiya kubwera tsiku lomwe apolisi anatenga boti. Bwato laling'ono ndi matchera, zimene anatilonjeza pankhumano paja, bambo aang'ono anagulitsa. Amayi, amene kale ankalemba anzawo ganyu yoyanika usipa, anayamba kuyanika wa eni ake. Abale a bambo anasiya kutiitana ku maukwati ndi ku sadaka, ndipo ang'ono anga awiri aakazi anakula osalowa m'nyumba za azakhali awo. Asodzi aja anabalalika, ena ku maboti a anthu ena, ena ku Joni.

Chigamulo chinabwera chaka chachisanu chitayamba. Woweruza anali wachitatu, mayi wachitsikana amene ankaoneka kuti fayilo yathu yamukwiyitsa. Anawerenga m'Chingerezi kwa mphindi zochepa, womasulira n'kutembenuza. Anati umboni ukuonetsa poyera kuti boti, injini ndi ukonde ndi za mkazi wamasiye ndi ana ake, kuti bambo aang'ono analakwa, koma poona msinkhu wawo sawatsekera, angowachenjeza. Anatinso ndi zomvetsa chisoni kuti nkhani yapafupi chonchi yatenga nthawi yotere. Sindibisa, ndinakondwa. Ndinatembenuka kuti ndione nkhope ya bambo aang'ono, koma iwo anali akuyang'ana zala za kumapazi kwawo.

Mesenjala anatsegula kachipinda ka kuseri. Ukonde unali mulu wa ulusi woduka, makoswe atamangamo zisa. Injini inalipo, koma mmisiri amene ndinabwera naye atatsegula chivundikiro anaseka mosafuna, anati mkati mwatsala zitsulo zimene wakuba sakanapeza wogula. Palibe ankadziwa kuti zinachoka liti. Kalaliki anati makiyi adutsa m'manja ambiri, ndipo ngati ndikufuna nditha kutsegula mlandu wina.

Ndinaitana amuna asanu ndi mmodzi a pamsika kuti atithandize kukweza boti pa lole. Atagwira m'mbali n'kunyamula, mbalizo zinakwera, pansi pake panatsala pa dothi. Chiswe chinabalalika pamapazi pawo. Anatula pansi zimene anagwirazo n'kuima, kudikira kuti ndinene chochita. Anthu a pakhonde anali atasonkhana kudzaonerera.

Kalaliki anabwera ndi pepala loti tisaine kuti katundu wathu talandira yense ndipo ali bwino. Ndinati sitisaina bodza. Anati popanda pepalalo fayilo singatsekedwe, ndipo katunduyo sangatuluke pa geti. Ndinayamba kukweza mawu. Amayi anandigwira pamkono.

“Mwanangu, zakwana. Ndipatse ndidinde, tizipita.”

Anaviika chala mu inki n'kudinda. Matabwa amene anali olimbako tinapatsa mayi wina wowamba nsomba kuti akasonkhezere moto. Injini inagulidwa ndi anyamata otola zitsulo zakale.

Amayi sanandinenepo kuti ndinalakwa, ngakhale tsiku limodzi. Ndikanakonda akanandikalipira, bwenzi nditayankha, bwenzi nditawakumbutsa kuti woweruza anati tinali olondola. Ankangodzuka m'mawa kupita ku mathandala a eni ake. Ang'ono anga atakwatiwa, amayi anamanga katundu wawo m'zitenje ziwiri n'kunena kuti akupita kwa mchemwali wawo ku Mozambique kukalima nandolo. Ndinawaperekeza mpaka pa chipata cha Chiponde. Ndinawafunsa ngati akuchoka chifukwa cha mlandu uja. Anati ayi, angotopa kufunsidwa kumene anachokera. Anakhala kumeneko zaka zitatu n'kumwalira, ndipo uthenga unandipeza atawaika kale.

Khoti lija analipaka penti chaka chathachi. Zipilala za khonde ndi zoyera tsopano, ndipo pa geti anaika chikwangwani chofotokoza kuti nyumbayi ndi imodzi mwa zakale kwambiri m'dera lino. Alendo a ku loji amakonda kukajambulitsa pamenepo popita kukaona mapiri, ndipo popeza pano ndine woyang'anira maulendo awo, amene ndimawapezera galimoto ndine. Amabwerako akuyamikira njerwa zake. Mkati mileme ikadalimo, ndipo mesenjala, wina tsopano, amatulukabe dzuwa lili pamutu kudzauza anthu kuti abwerenso mwezi wamawa.

Bambo aang'ono sanapezenso boti lawolawo. Anakoka nawo makoka a anthu ena mpaka msana unakana. Zaka zonsezi tikakumana pamsewu aliyense ankayang'ana kwake. Ndiye m'mawa wina mlonda wa pa loji anadzandiuza kuti pa geti pali nkhalamba ikundifuna. Ndinawapeza atakhala pa mwala, kofia ili m'manja, diso limodzi litachita ng'ala. Anandipatsa moni ngati tinaonana dzulo. Anati munthu wina wa mumzinda wabwera ndi mapepala osonyeza kuti malo awo a m'mbali mwa nyanja, pamene pali nyumba yawo ndi manda a mkazi wawo, anagula ndi iye, ndipo wayamba kale kukhoma zikhomo. Munthuyo akuti awapatsa kamalo kena kumtunda ndi malata, koma iwo sakufuna. Ana awo onse ali ku Joni.

“Iwe pakhonde paja umapadziwa, mwana wanga. Undilembere kalata yoti bwana akaimve.”

Ndinawayang'ana. Ndinkadziwa zimene munthu wachifundo akanawauza: kuti alandire kamalo ndi malatawo, pakhonde asapiteko. Ndinawalowetsa mu ofesi, ndinawapatsa tiyi, ndipo ndinawalembera kalata yabwino kwambiri, ya Chingerezi chosalala, yotchula zonse m'ndondomeko yake. Ndinawauza khomo loti akagogode ndi nthawi yoti akafike. Anathokoza kwambiri, anandidalitsa m'dzina la Mulungu, anaipinda kalatayo n'kuiika m'kofia.

Mlandu wawo uli m'chaka chachiwiri tsopano. Wa mumzinda uja wamaliza kumanga mpanda, ndipo za kamalo ka kumtunda ndi malata sakuzitchulanso. Ndikamadutsa pa minibasi Lachiwiri ndimawaona bambo aang'ono atakhala pakhonde, ndodo ili pakati pa miyendo. Sindinatsikepo.